Zigoba zikugwa, dongo likung'aluka: kodi ndikulakwitsa pati?

Mayi wina amene amakonda kuyenda pagombe atilembera kuti kwa miyezi ingapo tsopano akhala akutola zigoba za nkhono, timitengo totayidwa ndi mafunde, timiyala ndi tizidutswa ta magalasi osalala, n'kumaumba nazo tianthu ndi tinyama ta dongo. Dandaulo lawo ndi lakuti pakangopita masiku awiri kapena atatu dongo limang'aluka mozungulira zigoba, ndipo zina zimagwa zokha popanda wozikhudza. Chidole chimodzi anachiwotcha kuti chilimbe, koma patatha mlungu zigoba zake zinasanduka ufa woyera, mutu n'kugawanika pawiri. Akutinso ngakhale zidole zimene zapulumuka sizikuwafika pamtima, chifukwa zikungooneka ngati mulu wa zigoba woikidwa maso, osati ngati munthu kapena nyama yokhala ndi khalidwe lake. Akufuna kudziwa pamene akulakwitsa.

Mayi, mwachita bwino kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, chifukwa zimene mwaonazo zikuloza pamene pagona vuto. Kung'aluka, kugwa kwa zigoba ndi kugawanika kwa chidole chowotcha chija zachokera pa chinthu chimodzi, chomwe ndi chakuti mwakhala mukulipatsa dongo ntchito ya guluu. Inenso ndinayamba motero, ndipo ndinataya zidole zambiri ndisanamvetse kuti dongo ndi chigoba zimatha kukhala pamodzi zaka zochuluka pokhapokha pakati pawo pali chinthu chachitatu chozilumikiza, ndiponso pokhapokha zitakumana dongo litamaliza kale kusuntha.

Dongo lonyowa limakhala ndi madzi pakati pa tinthu take tating'onoting'ono, ndipo madziwo akamachoka tinthuto timayandikana, choumbidwacho n'kuchepa. Dongo lambiri loumbira limachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 kuyambira lili lonyowa kufikira litawotchedwa, ndipo mitundu ina imapitirira pamenepo, kotero kuti mutu umene munauumba uli wa masentimita 5 umadzatsika kufika pa masentimita 4 ndi theka. Chigoba sichichepa ngakhale pang'ono. Dongo likamadzikokera mkati limakumana ndi chinthu chosagonja, ndipo popeza silingachifinye, limang'ambika lokha. Mukayang'anitsitsa zidole zanu mupeza kuti ming'alu yambiri ikuyambira m'mphepete mwa chigoba n'kumatuluka kunja, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro chake. Pomwe chigoba chinangokhudza pamwamba osalowa mkati, dongo limangochisiya, chifukwa pamalo osalala chotero lilibe pogwira likauma.

Za chidole chowotcha chija ndi nkhani ina yofunika kuimvetsa bwino, kuti musadzayesenso. Chigoba chimapangidwa ndi mchere wa calcium carbonate, womwe ndi umodzimodzi ndi wa mwala umene amapangira njereza. Moto ukapitirira madigiri 800 a Celsius mcherewo umasintha n'kukhala laimu wosathira madzi, ndipo kutentha kotero n'kumene dongo lambiri limafuna kuti lipse bwino. Potuluka pamoto chidole chimaoneka ngati chili bwino, koma laimu uja amayamba kuyamwa chinyezi cha mumpweya, amafufuma, n'kukankha dongo lomuzungulira mpaka kuliswa. Ndicho chifukwa chake mutu sunagawanike tsiku lomwelo koma patatha mlungu, ndipo ufa woyera umene munaupeza unali njereza. Oumba mbiya akale a m'chigwa cha Mississippi ku America ankasakaniza ndithu zigoba m'dongo lawo, koma zinali zigoba zosinja, ndipo moto wawo sunali waukali wofika pamene pamachitika ngozi imeneyi. Chigoba chathunthu, chimene mukufuna kuti chisunge mtundu ndi kunyezimira kwake, chisalowe m'ng'anjo ngakhale kamodzi.

Njira yake ndi yakuti chigoba chilowe m'dongo kawiri. Koyamba mumachidinda pamalo pake dongo lili lofewa, kuti chisiye bowo la maonekedwe ake, ndipo mumachigwedeza pang'ono uku ndi uku kuti bowolo likule kuposa chigobacho, poganizira kuchepa kumene kukubwera. Dongo likayamba kugwira, lolimba ngati sopo koma likadali lozizira ndi chinyezi, mumachizula mosamala n'kuchisunga padera. Ine ndimalemba nambala ndi pensulo kumbuyo kwa chigoba chilichonse ndi kujambula chithunzi cha chidole chonse ndisanazule kanthu, chifukwa zigoba 20 zofanana zikasakanikirana pathebulo n'kovuta kukumbukira chimene chinali pati. Mukatero mumaumitsa dongo lokha, kuliwotcha ngati lili lowotcha, kenako chigoba chimabwerera m'bowo lake kachiwiri, ulendo uno ndi guluu. Bowo likapezeka lothina, mumalikulitsa ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo, osati kukanikiza chigoba ndi mphamvu.

Pa kaumitsidwe ndi pamene anthu ambiri amapupuluma. Mbali zopyapyala monga manja ndi khosi zimauma msanga kuposa thunthu, ndipo kusiyana kumeneku nakonso kumabweretsa ming'alu pa mfundo pamene zikumana. Phimbani chidole ndi pepala lapulasitiki momasuka kwa masiku awiri oyamba, kenako muzitsegula pang'onopang'ono, chili pamthunzi, kutali ndi mphepo ndi moto. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwa akugwira ntchito mmene alili: chidole chimene chikumveka chozizira mukachigunditsa patsaya chikadali ndi madzi mkati, ngakhale kunja chikuoneka choyera ndi chouma.

Sikuti dongo la pansi ndilo lokha limene mungagwiritse ntchito. Pali dongo louma lokha ndi mpweya, losafuna moto, limene limauma pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu malinga ndi kuchindikala kwake. Nalonso limachepa, kotero lamulo la kudinda ndi kuzula likugwirabe ntchito, ndipo siligwirizana ndi madzi ngakhale litauma. Pali dongo la polima, lomwe kwenikweni ndi pulasitiki wofewa amene amalimba mu uvuni wamba pa moto wochepa: la mtundu wotchedwa Fimo limafuna madigiri 110 a Celsius, pomwe mitundu yotchedwa Sculpey imafuna pafupifupi madigiri 130 mpaka 135, ndipo muyenera kutsatira zimene zalembedwa pa paketi. Kutentha kumeneku chigoba cholimba chimakupirira, ndipo dongoli silichepa kwenikweni, kotero mungaphike chidole zigoba zili pomwepo. Komabe polima samamatirira pa chigoba, amangochikumbatira, motero chigoba chimene m'mphepete mwake simunakwiririke ndi bwino kuchizula chikazizira n'kuchimatanso. Chachitatu ndi phala lolimba la epoxy, monga Milliput kapena Apoxie Sculpt, lomwe limabwera m'magawo awiri osakaniza mofanana. Limakupatsani ola limodzi kapena kuposerapo kuti muumbe, limalimba lokha popanda moto, silichepa, ndipo limamatirira pa chigoba, pamwala ndi pamtengo. Ine ndimaumba thunthu ndi dongo wamba kapena louma ndi mpweya, koma pamfundo zonse zonyamula katundu, monga khosi, mapewa ndi pamene phazi likumana ndi tsinde loimikapo chidole, ndimaika epoxy. Valani magolovesi poikanda, chifukwa imayabwa pakhungu la anthu ena.

Chidole choimirira chimafunanso mafupa. Luso lokongoletsa ndi zigoba ndi lakale, koma zambiri zotchuka n'zomata pamalo afulati: timabokosi ta ngodya 8 timene amalinyero ankagula pa chilumba cha Barbados m'zaka za m'ma 1800, kapena phanga la ku Margate ku England limene linapezeka mu 1835, lokutidwa ndi zigoba pafupifupi 4.6 miliyoni. Khoma ndi bokosi zimanyamula kulemera kwa zigoba, pomwe kamunthu kanu kayenera kudzinyamula kokha pa miyendo iwiri yowonda. Pindani waya wa aluminiyamu kukhala msana, miyendo ndi manja, mulowetse mapazi ake m'mabowo a pa tsinde lolemera, mwala wafulati kapena chikuni chachikulu, kenako mukulunge foyilo mothina pamene padzakhale mimba ndi mutu, kuti dongo lodzakuta pamwamba lisachindikale kupitirira sentimita imodzi. Waya wachitsulo wamba amachita dzimbiri m'dongo lonyowa, ndipo dzimbirilo limadzatulukira kunja ngati mabanga ofiira. Mafupa a waya ndi a dongo losawotcha lokha. Chidole cha m'ng'anjo chiumbidwe chopanda waya, chokhala ndi mphako mkati ndi kabowo kotulukira mpweya.

Zotola zanu nazo zimafuna kukonzedwa zisanafike pathebulo, ndipo mdani wake wamkulu ndi mchere. Mchere wotsalira m'chigoba kapena m'mtengo umakoka chinyezi, umafooketsa guluu, ndipo umatuluka pamwamba pa penti ngati nkhungu yoyera. Vikani zigoba m'madzi abwino kwa masiku angapo mukusintha madzi tsiku lililonse, ndipo mitengo muivike kwa mlungu umodzi kapena iwiri, itatsenderezedwa ndi mwala, kenako iume kotheratu. Fungo loipa limachokera ku tinyama totsalira mkatikati mwa chigoba chopotana, ndipo limatha mukachiviika kwa maola ochepa m'madzi osakaniza ndi mankhwala a klorini oyeretsera zovala, n'kuchitsuka ndi kabulashi. Zigoba zonyezimira mwachibadwa monga za cowrie musaziike m'mankhwalawa, chifukwa zimazilala. Viniga musamugwiritse ntchito potsukira, popeza asidi amadya chigoba chenichenicho. Mukagwetsera dontho pa chigoba chosweka mudzaona thovu, ndipo thovulo ndi chigoba chimene chikusungunuka. Koposa zonse musasakanize viniga ndi klorini, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni. Zigoba zobulungira za tinyama ta m'nyanja tokhala ndi minga, zomwe zimaphwanyika ngati chikhungwa cha dzira, zimalimba mukazipaka mkati ndi kunja guluu woyera wa PVA wosungunula ndi madzi.

Pa guluu ndinene mwachidule. Wosungunula ndi kamfuti ka magetsi ndi wabwino pogwiriziza kwa kanthawi pamene mukuyesa kaimidwe, koma pa chigoba chosalala amasendeka pakapita nthawi. Supaguluu, makamaka wokhuthala, amagwira tizigoba tating'ono, ngakhale amasiya chifunga choyera m'mbali mukamuchulutsa. PVA amagwira bwino pamtengo ndi pa dongo louma chifukwa zili ndi timabowo tomuyamwa. Pa chigoba chachikulu cholemera palibe woposa epoxy wamadzi wa magawo awiri. Mulimonsemo, kwechani ndi sandipepa mbali ya chigoba imene idzabisike, muipukute ndi sipiriti, ndipo musapake mafuta aliwonse pa chigoba musanamate. Pamene mutu wa chigoba ukhala pa khosi lowonda, guluu yekha sakwanira; boolani chigoba mulowetse kawaya kolowanso m'khosi. Boolani pang'onopang'ono ndi kachitsulo kokhala ndi nsonga ya dayamondi, chigoba chili chonyowa m'kambale ka madzi osaya, makina amagetsi ndi manja anu zili zouma, chifukwa madzi amaziziritsa chigoba ndi kugwira fumbi lake, lomwe si labwino kulipuma.

Tsopano ndifike pa dandaulo lanu lomaliza, lomwe kwa ine ndilo lalikulu, chifukwa chidole chikhoza kukhala cholimba bwinobwino koma chopanda moyo. Ndikuganiza kuti mumayamba ndi dongo: mumaumba thunthu ndi mutu monga mwa chizolowezi, kenako n'kuyamba kufunafuna pamene mungaike zigoba. Mukatero zigoba zimakhala zokongoletsera chabe, ndipo dzanja limangowonjezawonjeza mpaka chidole chonse chitakwiririka. Tembenuzani dongosolo limeneli. Yambani ndi chotola chimodzi, ndipo dongo libwere pambuyo kudzamaliza chimene chotolacho chayamba kale kunena.

Ndimayala zotola zanga pa nsalu yakuda, zotalikirana, ndi kutenga chimodzichimodzi n'kuchitembenuza mbali zonse pafupi ndi zenera. Tsiku lina ndinagwira chigoba chopotana chimene mafunde anachiswa mbali imodzi, kotero kuti mzati wake wa mkati unkaoneka, ndipo chinali chotuwa, chodyeka, chokhala ndi timabowo ta tinyama toboola. Nditachiimika nsonga yake ili pansi sindinaone kanthu. Nditachigoneka chopendekera, mbali yotukuka ili kumwamba, ndinaona msana wa nkhalamba yowerama itafunda chofunda chokutha. Kuyambira pamenepo zonse zinatsatira zokha: mutu unayenera kukhala wotsika, wotulukira kutsogolo pansi pa mapewa, osati pamwamba pake, kamtengo kokhota kanakhala ndodo, dzanja limodzi linagwira ndodoyo pomwe lina linapumira pa bondo. Dongo limene ndinagwiritsa ntchito linali la nkhope, manja ndi mapazi okha. Zigoba zinali zitatu basi, ndipo aliyense woiona amadziwa msanga kuti nkhalambayo yayenda mtunda wautali ndipo yaima kuti ipume.

Chifukwa cha zimenezi ndimalangiza kuti musamanyoze zosweka. Chigoba chathunthu chokongola chimakhalabe chigoba m'maso mwa wochiona, ndipo n'kovuta kuchisandutsa china chilichonse. Chosweka chimasanduka mphuno, chibwano, chipewa chong'ambika kapena phiko mosavuta. Chimodzimodzi ndi mitengo: mphanda ndi miyendo yoyenda, mfundo ndi bondo, ndipo muzu wopotoka ndi mkono wotambasulidwa. Kachingwe kothetheka ka ukonde kamakhala ndevu, ndipo galasi lobiriwira losalala limakhala nyali m'dzanja la mlonda.

Khalidwe la chidole limagona m'kaimidwe kuposa m'nkhope. Musanaike dongo, pindani mafupa a waya aja kufikira atanena kanthu ali okhaokha. Msana wowongoka ndi chibwano chokwezeka ndi munthu wodzimva. Mapewa okwera ndi mutu wolowa pakati pawo ndi munthu wamantha kapena wozizidwa. Mutu wopendekera kumbali pang'ono ndi munthu amene akumvetsera. Kulemera kwa thupi kukhale pa mwendo umodzi, chifukwa munthu wamoyo saima kawirikawiri miyendo yonse itanyamula mofanana. Dzifunseni chimene kamunthuko kakuchita pa mphindi imeneyi ndi chimene kangochita kumene: kodi kakudikira wina, kamva phokoso kumbuyo, kapena katola chinthu ndipo kakudabwa nacho? Njira yabwino yoyesera ndiyo kuyatsa nyali kumbuyo kwake n'kuyang'ana chithunzithunzi chake pakhoma. Ngati chithunzithunzicho sichikuonetsa kuti ndani ndipo akutani, kuwonjeza zigoba sikudzathandiza.

Maso ndi amene awononga zidole zambiri zimene ndaziona. Maso awiri obulungira, ofanana, omatidwa pamwamba pa nkhope ndi oyang'ana kutsogolo ndendende amapha chidole chilichonse. Diso likhale m'bowo lake, ndipo pamwamba pake pakhale kachikope ka dongo kophimba pang'ono, chifukwa chikope ndi nsidze ndizo zimanena kutopa, ukali kapena chifundo. Chikope chotsikira kunja chimabweretsa chisoni, chotsikira kumphuno chimabweretsa mkwiyo, ndipo kusiyana kwake ndi milimita imodzi kapena iwiri yokha. Maso onse awiri ayang'ane chinthu chimodzi chenicheni, kaya chimene chili m'dzanja, kaya chidole china choima pambali. Maso oikidwa m'munsi pankhope ndi motalikirana amaoneka a mwana, pomwe oikidwa m'mwamba ndi moyandikana amaoneka a munthu wamkulu wochenjera. Timiyala takuda tosalala timakhala maso abwino, ndiponso kachitseko kolimba kamene nkhono zina za m'nyanja zotentha zimatsekera pakhomo pa chigoba chawo, komwe kamafanana ndi diso mwachibadwa.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza oyamba kumene akafuna makutu, nyanga kapena mapiko. Mitundu yambiri ya nkhono, pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse, imapotana kumanja: mukagwira chigoba nsonga ili kumwamba ndipo khomo lake likuyang'ana inu, khomolo limakhala kudzanja lanu lamanja. Motero zigoba ziwiri zopotana za mtundu umodzi sizingapange nyanga zoyang'anizana, chifukwa zonse zikupotokera mbali imodzi, ndipo mutu umaoneka wokhota popanda inu kudziwa chifukwa chake. Zigoba zotseguka pawiri ngati zitseko ndizo zimapereka lamanja ndi lamanzere, choncho mukapeza ziwiri zikadali zolumikizana zisungeni pamodzi m'kathumba kake. Kapenanso mungavomereze kusafananako n'kukugwiritsa ntchito, chifukwa khutu limodzi loimirira ndi lina logwa limapatsa kagalu khalidwe kuposa makutu awiri ofanana.

Malire a chigoba ndi dongo asaoneke ngati chigamba. Pamene dongo likumana ndi chigoba chokhala ndi mizere, pitirizani mizereyo m'dongo ndi kamtengo kosongoka, izimiririke pang'onopang'ono, kapena dindani dongolo ndi chigoba china cha mtundu womwewo. Mpata wotsalira mukamata mungaudzaze ndi epoxy n'kuwaza mchenga wouma wosefa pamwamba isanalimbe. Pa utoto, tengani mitundu kuchokera ku zigoba zomwezo, monga kutuwa, kufiirira ndi kuyera kwa mnyanga, ndipo pakani dongo lokha ndi penti ya akiriliki yosungunula kwambiri, kenako pukutani pamwamba ndi kansalu kuti utoto utsalire m'makwinya. Chigoba sindichipenta, chifukwa mtundu wake ndi umene unachititsa kuti muwerame n'kuchitola. Ngati chazilala, kadontho ka mafuta oyera a mineral opukutidwa bwino kamabwezera mtundu wake, koma zimenezi zichitike pomalizira penipeni. Dongo louma ndi mpweya lipakeni vanishi wosanyezimira, ndipo pa polima pewani vanishi wopopera, popeza ena amamusiya akunanda mpaka kalekale.

Popeza mupitiriza kutola, ndikupempheni kuti muzisuzumira m'chigoba chilichonse musanachiike m'thumba. Pali nkhanu zimene zilibe chikopa cholimba kumimba ndipo zimakhala m'zigoba zosiyidwa ndi nkhono, kusamukira m'chachikulu zikamakula. Zimadzikokera mkati kwambiri moti chigoba chimaoneka chopanda kanthu. Chiikeni pamchenga wonyowa mudikire pang'ono, ndipo chikayamba kuyenda chisiyeni. M'nyanja zotentha muli nkhono za zigoba zosongoka za mtundu wa Conus, zamawangamawanga okongola, zomwe zimabaya ndi ululu, ndipo mtundu wa Conus geographus wapha anthu. Yamoyo musaigwire ndi dzanja. Malamulo nawo alipo. M'malo ambiri otetezedwa saloleza kutola kanthu, ndipo chilumba cha Sardinia ku Italy chinaletsa mu 2017 kutenga mchenga, timiyala ndi zigoba m'magombe ake. Pangano la mayiko la CITES, loteteza nyama ndi zomera zimene zili pangozi, limayang'anira kudutsitsa m'malire makorali olimba (miyala ya m'nyanja yopangidwa ndi tinyama), zigoba zikuluzikulu za mtundu wa Tridacna, za nkhono yotchedwa queen conch kuyambira 1992, ndi za nyama ya m'nyanja yotchedwa nautilus kuyambira 2017, ndipo zimenezi zikukukhudzani ngati mudzafune kugulitsa kapena kutumiza ntchito zanu kunja. Malangizo anga oti muziyamba ndi chotola chimodzi akuthandizanso pano, chifukwa woumba motero safuna ndowa yodzaza.

Chidole chikatha chisakhale padzuwa, popeza limazilalitsa zigoba ndi kusandutsa epoxy kukhala wachikasu. Musachitsekere kwa nthawi yaitali m'bokosi la matabwa ena monga oak pamalo achinyezi, chifukwa matabwa otero amatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chigoba n'kusiya ufa woyera pamwamba pake. Osunga zigoba m'nyumba zosungiramo zinthu zakale amalidziwa vutoli ndi dzina la Byne, amene analemba za ilo mu 1899. Pa chifukwa chomwecho musamatire zigoba ndi guluu wa silikoni wonunkha viniga.

Zidole zanu zong'aluka musazitaye. Ngati ndi za dongo la pansi losawotcha, zulani zigoba, muswe dongolo m'tizidutswa, mulivike m'madzi, ndipo lidzaumbikanso ngati latsopano. Za dongo louma ndi mpweya zimakonzeka: kulitsani mng'alu pang'ono ndi nsonga ya mpeni, muunyowetse, muudzaze ndi phala la dongo lomwelo losakaniza ndi PVA, ndipo likauma mukwechepo ndi sandipepa n'kubwezera zigoba ndi guluu. Pobwezerapo yesani kusiya theka la zigobazo pathebulo, muyambe ndi chachikulu chimene chikupanga msana kapena mutu, kenako muyang'ane chithunzithunzi pakhoma musanawonjeze chachiwiri. Chowotcha chija chokha ndicho sichingakonzeke, chifukwa laimu wotsalira mkati adzapitiriza kufufuma. Posesa ufa wake valani magolovesi ndipo musaugwire ndi manja onyowa, popeza umawotcha khungu ndi maso.